Pikapu ya malemu bambo ndi kugogoda kwa pakati pa usiku



Aliyense amene pakhomo pake pamaima galimoto kuno kunyanja akudziwa kuti galimotoyo si yake yekha ayi. Masana ikhoza kunyamula nsomba kapena matumba a mpunga n'kubweretsa kangachepe, koma ntchito yake yeniyeni imabwera ndi munthu wogogoda pachitseko tambala asanalire. Mwana wakomoka ndi malungo, agogo akubanika, mayi woyembekezera nthawi yake yakwana, ndipo ambulansi ili kutali. Pa ola limenelo palibe amene amayang'ana ngati penti ikuwala. Onse amangodikira kumva ngati injini ilire.

Ife zinatipeza m'mwezi wa Juni chaka chatha, mwera ukuwomba. Tinamva "Odi! Odi kuno a Mwalimu!" ndipo titatsegula tinapeza bambo wachikulire amene tayandikana naye nyumba. "Pepani pokudzutsani," anatero, "mpongozi wanga uja nthawi yakwana koma zikuvuta, amayi akuti tithamange naye kuchipatala." Tinalowa m'galimoto n'kupotokola kiyi, koma tinangomva "khe!" kamodzi, magetsi onse n'kuzima. Anadzutsa anyamata kuti akankhe, koma mchenga wa kwathu kuno mukuudziwa. Anakankha thukuta lili kamukamu, galimoto osapeza liwiro, uku mayi uja akubuula pamphasa pakhonde. Patatha mphindi pafupifupi 40 mng'ono wathu anaunika m'boneti ndi foni, ndipo tinaona ufa woyera mobiriwira utaundana pamutu pa batire. Tinapala ndi mpeni, kumanga nati, ndipo injini inalira nthawi yomweyo.

Alhamdulillah tinafika, ndipo mwanayo lero akuyenda. Koma manyazi athu ndi akuti ufa umenewo tinali titauona masabata awiri m'mbuyomo, n'kunena kuti tidzapukuta Loweruka.

Galimoto tikunenayi ndi pikapu ya Peugeot 504 imene anatisiyira malemu bambo athu, Allah awachitire chifundo, ndipo inapangidwa ife tisanabadwe. Mtundu umenewu unatuluka koyamba ku France mu 1968, ndipo mu 1969 unasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chaka ku Ulaya. Kwawoko anasiya kupanga ya zitseko zinayi ija mu 1983, koma ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 2004 ndipo ku Kaduna m'dziko la Nigeria mpaka 2006. Mkulu wake, Peugeot 404 ya mu 1960, anapambana mpikisano wovuta wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, nayo 504 inadzapambana mu 1975. Azungu masiku ano galimoto zotere amazisunga m'nyumba ngati chuma chakale, kuzitulutsa kumapeto kwa sabata kuti anthu azione. Kuno zikadali pantchito, pamodzi ndi anzawo monga Land Rover, Datsun 1200, Toyota Stout ndi Hilux zoyambirira zija, ndipo zambiri zimene tinene pano zikukhudza zonsezo.

Ubwino wa galimoto zimenezi ndi wakuti zilibe kompyuta. Chilichonse chili poonekera, ndipo munthu wa sipanala zochepa akhoza kuchifikira. Kuipa kwake n'komweko: palibe chimene chimakuchenjezani, mwini wake ndiye ayenera kukhala maso ndi makutu ake. Pa zonse zimene taziona zitagona pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, n'zochepa zimene zinafa ndi ukalamba. Zambiri zinaphedwa ndi kanthu kotsika mtengo kuposa nkhuku, kamene mwini wake anakaona n'kukazengereza monga tinachitira ife. Chichitikireni zimenezi tinapatula mphindi 15 Lachisanu lililonse m'mawa, injini ili yozizira, tisanayambe kukonzekera za ku Juma, ndipo timayang'ana madzi, oyilo, mafuta a mabuleki, batire ndi matayala.

Za batire tisachedwepo. Mitu yake itsukeni ndi madzi ofunda osungunuliramo soda, mupake Vaseline pang'ono n'kumanga bwino, osaiwala waya wokhuthala wochoka kubatire kupita kuchitsulo cha galimoto. Ngati lili ndi zotsekera zotsegulika, onani kuti madzi akuphimba timapuleti ta m'kati, chifukwa kutentha kwa kuno kumawauma msanga. Muwonjezere madzi a batire ogula okha, osati a pamjigo ndiponso osati asidi. Batire labwino likapuma limaonetsa mavoti 12.6, ndipo injini ikamalira pazikhala pafupifupi 14. Likhalenso lomangirira, poti msewu wa mabampu umaligwedeza mpaka m'kati mwake kuphwanyika.

Pamene tichedwepo ndi pa madzi, chifukwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 35, ndipo injini zambiri zimafa nthawi imeneyo. Injini ya 504 thunthu lake ndi lachitsulo koma hedi yake ndi ya aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto. Ikabwata kamodzi kokha hediyo imapindika, gasiketi n'kupsa, madzi ndi oyilo n'kusakanikirana. Mukaona oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti zachitika kale, ndipo hediyo ili paulendo wokapalidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe pa ndalama zimene zikanalipira fizi ya mwana.

Ambiri a ife timathira m'ladiyeta madzi alionse amene ali pafupi. A pamjigo ali ndi mchere umene umasiya zoyera zolimba zija mumaziona m'ketulo, ndipo timapaipi ta m'ladiyeta ndi ting'onoting'ono kuposa mlomo wa ketulo. A m'nyanja amabwera ndi mchenga ndi ndere. Abwino ndi a mvula otapidwa mwaukhondo kapena a batire aja, osakaniza ndi mankhwala obiriwira kapena ofiira a m'ladiyeta. Ena amaseka kuti mankhwala amenewa ndi a kumaiko ozizira kumene madzi amaundana, nanga kuno akufuniranji? Ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri, pakuti chitsulo ndi aluminiyamu zikakhala m'madzi amodzi opanda mankhwala zimadyana, ndipo amathandizanso kuti madzi asawire msanga. Mphamvu yake imatha, choncho pakatha zaka ziwiri khuthulani onse, mutsuke, muthire atsopano.

Chotsekera cha ladiyeta musachipeputse. Chili ndi kasipuling'i kamene kamapanikiza madzi kuti asawire pa madigiri 100 monga amachitira mumphika. Tinaonapo galimoto ina pa Chingeni atatseka ndi pepala la pulasitiki ndi mphira, mwini wake akudabwa kuti madzi akuthera kuti. Ndipo injini ikatentha musatsegule pamenepo, madzi ake amathovokera kumaso. Lamba wa fani mukamudina ndi chala chachikulu azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Mapaipi a mphira muziwafinya ndi dzanja: ikakhala yofewa ngati nthochi yakupsa kapena youma yong'aluka, isintheni isanaphulikire panjira. Abale a ku Nkhotakota ndi Salima ali ndi vuto linanso, nkhungu za m'nyanja zija. Mukadutsa m'mtambo wake zimamatirira kumaso kwa ladiyeta mpaka mphepo osadutsa. Tsukani pothira madzi kuchokera mbali ya injini kuti zitulukire kumene zinalowera.

Pali chizolowezi china chimene ife sitigwirizana nacho ngakhale amakanika ambiri amachikonda, chochotsa thermostat ati chifukwa kuno n'kotentha. Kachipangizo kameneka kamatseka madzi mpaka injini itafunda bwino, kenaka n'kutsegula. Mukakachotsa injini imayenda yozizira nthawi yaitali, imamwa petulo wambiri, ndipo petulo wosapsa bwinoyo amatsuka oyilo m'masilinda, injini n'kutha msanga. Galimoto ikamabwata, kawirikawiri wolakwa ndi ladiyeta yotsekeka. Ngati mukukakayikira, kaikeni mumphika wa madzi pamoto, muona kakutseguka madzi asanawire. Ndipo eni ake a Peugeot amve ichi: masilinda a injini imeneyi ndi ochotseka, amakhala m'madzi atakhazikika pa timasili pansi pake. Makanika akachotsa hedi asazungulitse injini asanawapanikize, chifukwa akanyamuka pang'ono pokha madzi adzayamba kutsikira mu oyilo ndipo injini yonse iyenera kumasulidwa. Wathu ndi wodziwa ntchito, koma tsiku limenelo tinaima pambali pake mpaka anamaliza.

Oyilo wa injini zakalezi ndi wokhuthala uja wa 20W-50, ndipo asinthidwe pamodzi ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse. Tikudziwa kuti mwa galimoto zambiri zakale kowerengera makilomita kanafa kalekale. Ngati ndi choncho tsatani nyengo: kamodzi mvula isanayambe, kamodzi itangotha. Poyeza, galimoto ikhale pamalo osapendekeka, injini itazima. Oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amene simukudziwa kumene wachokera msiyeni, ndipo wakuthayo musatayire kumene mvula ingamukokolere kunyanja.

Amene amaiwalika ndi oyilo wa m'giyabokosi ndi wa m'difu, poti alibe koyezera koonekera. Mukawoloka madzi osefukira, monga tinachitira ambiri pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, difu yotentha ikamizidwa imayamwa madzi kudzera pa kabowo kake kopumira. Tsegulani muone, akakhala otuwa ngati mkaka musinthe tsiku lomwelo. Amene ali ndi 404 ya zitseko zinayi asamale kwambiri, chifukwa m'difu yake muli giya ya mkuwa imene imafuna oyilo wakewake, ndipo wina wa madifu wamba amaidya. Sefa ya mpweya nayo kuno imadzadza msanga ndi fumbi. Ikakhala yakale ija yokhala ndi oyilo pansi, itsukeni ndi parafini n'kuthira oyilo watsopano mpaka pa mzere. Timilomo ta girizi ta kumiyendo ya kutsogolo tipopedwe nthawi iliyonse mukusintha oyilo.

Tsono petulo. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Zimenezi zimathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, koma mwini galimoto yakale adziwe makhalidwe ake. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kunyanja kuno chinyezi n'chosasowa. Thanki ikakhala nthawi yaitali ili ndi petulo wa pansi pokha, m'kati mwake mumachita mame, dzimbiri n'kuyamba, ndipo tizidutswa take timakatseka timabowo ta m'kabuleta. Ndiye zija galimoto imayenda bwinobwino n'kuyamba kutsamwa pachitunda. Ethanol amaumitsanso mapaipi a mphira akale, ndipo paipi ya petulo yong'aluka pafupi ndi ekizozi yotentha ndi moto umenewo. Mukamva fungo la petulo m'boneti musanyamuke musanapeze pamene likuchokera. Gulani paipi yopangidwira petulo, osati ya madzi, ndipo muike kasefa koonekera m'kati kaja pakati pa thanki ndi pampu. N'kotchipa, ndipo kamakuonetsani ndi maso zimene zili m'thanki mwanu.

Pa nthawi za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 ndiponso kuyambira mu 2022, tonse tinagulapo petulo wa m'zigubu, tisanamizane. Wina amakhala wothira parafini, wina madzi. Zikakukakamizani, thirani pang'ono m'botolo loonekera mudikire, madzi amatsikira pansi. Sefani pansalu yoyera, ndipo chonde anyamata asamayamwe paipi ndi pakamwa, petulo akalowa m'mapapo amapha.

Achikulire akukumbukira petulo wa mtovu amene maiko a kuno kum'mwera kwa Sahara anasiya kugulitsa pofika mu 2006. Sitikumulira, anali poizoni ku ubongo wa ana. Koma mtovuwo unkateteza pamene mavavu a ekizozi amakhalira, ndipo injini za hedi yachitsulo, monga ya Land Rover yakale, pamenepo pamadyeka pang'onopang'ono zikamathamangitsidwa ndi katundu. Chizindikiro chake ndi mpata wa mavavu umene umanka nuchepa. Choncho kamodzi pachaka makanika ayeze mipatayo. Pa 504 ya petulo, injini ili yozizira, ndi mamilimita 0.10 ku mavavu olowetsa ndi 0.25 ku otulutsa. Injini yolira "tiki-tiki" pang'ono isakuopseni, yoopsa ndi imene mavavu ake ali chete chifukwa chothina.

Galimoto yakale ikakana kulira batire lili bwino, kawirikawiri nkhani imakhala ya moto. Mapointi a m'disitibyuta amadyeka ndipo mpata wake, umene uyenera kukhala mamilimita 0.4, umatsekeka. Mapulagi a Peugeot amafuna 0.6. Mukamasula pulagi yang'anani nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati bisiketi zinthu zili bwino, yakuda ndi mwaye ndiye kuti petulo akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka, yonyowa ndi oyilo ndiye kuti injini yatopa, yoyera mbuu ndiye kuti ikutentha mopitirira. Ana asamatsegule kiyi kuti amvere wailesi kapena kutchaja foni injini ili chete, amawotcha mapointi ndi koyilo. Ndipo mukagula mapointi ndi kondensa zatsopano, zakale zimene zimagwira ntchito musataye. Ife tinagulapo kondensa yonyezimira m'bokosi lokongola imene inatha sabata imodzi, ndipo amene anatifikitsa kunyumba ndi yakale ya malemu bambo imene inali m'kachitini.

Nkhani ya mabuleki tiifotokoza ndi zimene zinatichitikira zaka zitatu zapitazo, ngakhale kuti sitikonda kuzikumbuka. Tinkachokera ku ziyala ku Namwera, kumbuyo kuli azakhali athu, amalume, ana anayi ndi matumba a chimanga amene achibale anatipatsa. Potsika mapiri a Chowe tinkangoponda buleki pakona iliyonse, galimoto ili m'giya yapamwamba. Titatsala pang'ono kumaliza chitsikirocho, chopondera chinangolowa mpaka pansi ngati taponda phala. Tinapopa kangapo, tinakankhira giya yachiwiri injini ikukuwa, n'kumakoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka tinaima titatsamira mbali ya phiri. Palibe anavulala. Azakhali anatsika n'kukhala pansi osalankhula.

Patatha theka la ola chopondera chija chinalimbanso chokha. "Mwanangu, yadzikonza yokha, tiyeni tizipita," anatero amalume. Pamenepa ndi pamene ambiri amanyengedwa. Mafuta a mabuleki a DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi cha mumpweya chaka ndi chaka. A DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi pang'ono chabe amatsika kufika cha m'ma 155. Potsika phiri mabuleki amatentha, madzi aja amasanduka nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, choncho phazi lanu limangopanikiza mpweya. Zikazizira zonse zimaoneka bwino mpaka phiri lotsatira. Ife chitengereni galimotoyo tinkangowonjezera mafutawo, osawasintha ngakhale kamodzi. Atsopano amaoneka ngati mafuta ophikira, athu anali ngati tiyi wopanda mkaka. Ayenera kukhuthulidwa onse pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo botolo lotsegula kale lomwe lakhala chaka pawindo silithandiza.

Timamva za ena othira madzi a sopo kapena oyilo wa injini mafuta a mabuleki akatha. Madzi amawira msanga n'kuchititsa dzimbiri, oyilo amatupitsa timphira tonse ta m'kati mpaka mabuleki kugwira osabwerera kapena kusiyiratu. Mafutawo akamatsika, funani pamene akudontha: suzumirani kuseri kwa tayala lililonse, pakanyowa ndi pomwepo. Potsika Chowe kapena Khwekhwelere kulowera ku Golomoti, gwiritsani giya imene mukanakwerera, injini ndiyo izigwira galimoto. Ndipo mchitidwe wozimitsa injini pamtsetse pofuna kupulumutsa petulo ulekeke, chifukwa chothandizira mabuleki chimadalira injini, mukaponda kawiri katatu chopondera chimauma ngati mwala. Anthu amene amakwera kumbuyo kwa pikapu sanaone mabuleki athu, anangotikhulupirira, ndipo imeneyo ndi amaana imene tidzafunsidwa. Pepala la COF limangonena mmene galimoto inalili tsiku limene anaiyeza.

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. Pambali pake pali manambala anayi m'kabokosi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mapanga akuya koma lili nkhalamba, ndipo dzuwa la kuno limaling'amba m'mbali. Likapitirira zaka 6 muziliyang'anitsitsa, likafika 10 lipumitseni ngakhale likuoneka bwino. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Mukaphwetsa pang'ono kuti mudutse mchenga wa njira ya ku Makanjira, mupopenso musanalowe patala. Sipeya nayo ndi tayala, ife tinaipezapo ili phwa tsiku limene tinaifuna.

Penti yatsopano ndi chikomekome cha mkuyu, dzimbiri limayambira pansi. Madzi a nsomba ndi ayezi wosungunuka amalowa m'ming'alu ya bodi, choncho mukatsitsa katundu tsukani tsiku lomwelo. Matope omatirira pamwamba pa matayala amasunga chinyezi miyezi, agweni ndi mtengo, ndipo mukadali pansi pomwepo yendetsani chala pa timapaipi tachitsulo ta mabuleki. Usipa ndi chimanga chotayikira zimaitana makoswe, ndipo makoswe akamaliza zimenezo amayamba mawaya.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti galimoto imawonongeka kwambiri ikamangokhala kusiyana ndi ikamayenda. Petulo akakwera mtengo timaiimika mwezi wathunthu poganiza kuti tikuisunga. Batire limatsika, petulo wa m'kabuleta amauma n'kusiya zomata, timphira timauma, mabuleki amagwirana. Kuiliza mphindi zisanu pamalo pomwepo sikukwanira, kumangodzadza madzi mu ekizozi. Iyende mphindi 20 kamodzi pasabata mpaka ifunde, magiya onse alowe, mabuleki apondedwe. Ikamakhala masiku ambiri musakoke handibuleki, imamatirira. Isiyeni m'giya, muike mwala kutayala.

Malemu bambo anatisiyiranso kope la sukulu m'kabokosi ka kutsogolo, lolembedwa tsiku lililonse limene anasintha kanthu ndi mtengo wake. Ife tinalisiya zaka zingapo, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe munachitika zonse takuuzanizi. Tsopano tikulembamonso. Limathetsa mkangano ndi makanika, limathetsanso mkangano ndi mng'ono wathu amene nthawi zonse amati oyilo anasintha "posachedwapa". Kuseri kwa mpando kumakhala lamba wa fani, mapointi, kondensa, mapulagi awiri, kasefa ka petulo, mafyuzi, waya, botolo losatsegula la mafuta a mabuleki, malita asanu a madzi, tochi, jeke, chozimira moto ndi sipanala. Wobwereka galimoto timawerenga naye zimenezi ponyamuka ndi pobwera, ngakhale akhale mlamu.

Kuyambira usiku wa Juni uja pikapu imagona itayang'ana kumsewu, pamalo amene tinayala miyala ndi zidutswa za njerwa kuti anthu awiri okha akhoza kuikankha, ndipo muyezo wa petulo sutsika kupitirira kota. Agogodanso kawiri chichitikireni zimenezo, ndipo maulendo onse awiri inalira pa kiyi yoyamba. Lachisanu lapitali tapeza kuti paipi ya pansi ya ladiyeta yayamba kufewa. Tatuma mnzathu woyendetsa minibasi kuti atifunire ku Limbe, ndipo oyandikana nawo tawauza kale kuti mpaka itafika, galimotoyi ikhoza kupita kuchipatala cha pafupi koma sikwera Chowe.